Yesu Anawauza Kuti Akapumule

Lamulungu la 16 pa Chaka, Chaka B. Mthenga Wabwino: Marko 6:30-34

Mu Mthenga Wabwino wa lero muli mfundo imodzi imene anthu ambiri a mumzinda uno angaimve ngati ikunena za iwo. Marko Woyera akufotokoza kuti anthu ofuna Yesu anachuluka, ena akufika ena akuchoka, mpaka Iye ndi apostoli ake anasowa nthawi yoti aike chakudya kukamwa.

Apostoliwo anali atangobwerako kumene Ambuye anawatuma awiriawiri, opanda kamba wapaulendo kapena ndalama. Anali atalalikira, atatulutsa mizimu yoipa, atadzoza odwala ndi mafuta. Anabwerera ndi nkhani zambiri zoti asimbe. Koma m'masiku omwewo kunali kutagwa zovuta: Herode anali atadulitsa mutu wa Yohane Mbatizi m'ndende. Mateyo Woyera, ponena za nthawi yomweyi, akuti Yesu atamva za imfayo anakwera bwato kupita kumalo kopanda anthu. Choncho amene anasonkhana tsikulo anali anthu otopa ndi ntchito, komanso anali ndi maliro mumtima.

Yesu atawayang'ana sanafunse kuti atembenuza anthu angati. Sanawatumenso ulendo wina pompo, ngakhale midzi yosafikidwa inali yambiri. Anawauza kuti apite naye kwaokha, kumalo kwachete, akapumuleko pang'ono. Mwini wake amene anawalamula kupita kukagwira ntchito ndi yemweyo anawalamula kupuma. Akhristu ambiri amalimva bwino lamulo loyambalo. Lachiwirili amalitenga ngati nkhani ya anthu olemera kapena aulesi.

Tsiku la munthu wa mumzinda

Mayi wa ku Chinsapo amadzuka kusanache kuti akazinge mandasi, asambitse ana, athamangire kumsika. Bambo wa ku Area 25 amayamba tsiku ndi kulimbirana malo m'minibasi, kondakitala akukuwa, wailesi ikulira. Wakabaza amapalasa tsiku lonse pakati pa malipenga a magalimoto. Namwino amachoka kuntchito ya usiku n'kukapeza wodwala wina kunyumba. Madzulo kukada, bala yapafupi imayamba nyimbo zake mpaka usiku wapakati. Nyumba ndi ya zipinda ziwiri, koma muli ana, mlamu wofuna ntchito, ndi agogo amene abwera kuchipatala kuchokera kumudzi.

Phokoso lina limakhala m'thumba. Foni ili ndi gulu la WhatsApp la kuntchito, la mphakati, la kwaya, la banja, la chinkhoswe, la maliro ndi la banki m'khonde. Lililonse limafuna yankho, ndipo ambiri amafuna chopereka. Munthu amagona foni ili m'manja, amadzuka foni ili m'manja. Nalo phokoso la mumtima lilipo: lendi yakwana, fizi ya mwana yatsala, wakatapila wayamba kuimba.

Zoona zake n'zakuti ngakhale ntchito za Mpingo zimatha kuwonjezera katunduyu. Pali akhristu odzipereka amene sabata yawo yonse ndi misonkhano: lero mphakati, mawa bungwe, mkucha kwaya, Loweruka kukonza tchalitchi, Lamulungu Misa ikatha komiti mpaka dzuwa kupendeka. Amatumikira Mulungu tsiku lililonse, koma papita miyezi asanakhale naye pansi ngakhale mphindi 10.

Mtima wosapuma umayamba kulakwira anthu osalakwa. Mwana amene wagwetsa kapu amamenyedwa chifukwa cha ngongole imene iye sakuidziwa. Mkazi wofunsa za ndiwo amayankhidwa mawu amene anayenera abwana a kuntchito. Mapemphero amatuluka pamilomo, nzeru zili kumsika. Tulo timathawa, mutu umawawa, ndipo munthu amangoti ndi malungo.

Aliyense wokhala mumzinda amadziwa madzi amene amatuluka m'mpopi atasowa kwa masiku angapo. Amabwera ofiira. Palibe amene amawayeretsa powatakasa ndi mthiko. Amawatunga m'ndowa, n'kuwasiya pakona. Pakapita nthawi matope amakhala pansi, madzi amayera, ndipo munthu amaona chimene chinali m'katimo. Mtima wa munthu ndi chimodzimodzi. Umafuna kusiyidwa pakona kwakanthawi.

Nanga mwambi uja?

Wina anganene kuti makolo anaphunzitsa kuti kali kokha n'kanyama, ali awiri ndi anthu. N'chifukwa chake munthu akakhala payekha, anzake amayamba kufunsana. Wakwiya kodi? Wayamba kunyada? Akuganiza chiyani? M'madera ena munthu wokonda kukhala chete amamunong'onezera ngakhale za ufiti. Poopa zimenezi ambiri salola kuonedwa ali okha, ndipo amadziona olakwa akatseka chitseko.

Mwambiwu ndi woona, ndipo Mpingo umauvomereza. Mkhristu sapulumuka yekha. Ndiye chifukwa chake pali mphakati, pali Misa, pali kuyenderana pa matenda ndi pa maliro. Koma mwambiwu umadzudzula munthu wokana anzake, amene wasankha kudya yekha ndi kukhala yekha moyo wake wonse. Sunena za munthu amene wapatuka kwa ola limodzi kuti abwerere kwa anzake ali ndi mtima wabwino. Makolo omwewo ananenanso kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Pali zinthu zina m'moyo zimene zimatulutsa mutu pokhapokha pakakhala bata.

Palibe munthu anakonda anthu kuposa Yesu, koma Mthenga Wabwino umamuonetsa kawirikawiri akupatuka. Ku Kaperenao, atachiritsa odwala mpaka usiku, anadzuka kusanache napita kwayekha kukapemphera, ndipo Simoni ndi anzake anachita kumufunafuna. Asanasankhe apostoli 12 anachezera usiku wonse paphiri. Atadyetsa anthu 5,000 anatumiza ophunzira patsogolo, nabalalitsa khamu, nakwera phiri yekha. Luka Woyera akunena kuti chinali chizolowezi chake. Mwana wa Mulungu anatenga thupi lotopa ngati la munthu aliyense, ndipo sanachite manyazi kulisamala.

Lamulo lokonda mnzako limayeza chikondicho ndi mmene munthu amadzikondera mwini. Munthu amene sadzichitira chifundo sachedwa kuchitira nkhanza ena. Thupi ndi mtima ndi mphatso zimene Mulungu anamusungitsa, ndipo adzafunsa mmene anazisamalira.

Mmene Mulungu anasamalira Eliya

Buku Loyamba la Mafumu, mutu 19, limasimba za mneneri Eliya pa nthawi imene anafooka kotheratu. Anali atangopambana aneneri 450 a Baala pa phiri la Karimele. Koma Yezebele atamutumizira mawu oti amupha, mneneri wamkuluyo anathawa. Anasiya mnyamata wake ku Beereseba, nayenda tsiku lathunthu m'chipululu, nakhala pansi pa kamtengo, napempha kuti afe. Anaona kuti zamukwana.

Chochititsa chidwi ndi dongosolo limene Mulungu anatsata. Sanayambe ndi kumudzudzula chifukwa chochepa chikhulupiriro. Anamusiya agone. Kenaka mngelo anamudzutsa, namuonetsa buledi ndi mtsuko wa madzi. Eliya anadya, nagonanso. Mngelo anabweranso kachiwiri ndi chakudya. Atapeza mphamvu, anayenda masiku 40 mpaka kuphiri la Horebu, nalowa m'phanga. Kumeneko kunadutsa mphepo yoswa matanthwe, chivomezi ndi moto, koma Mulungu sanali m'zimenezo. Pambuyo pake kunamveka kamphepo kayaziyazi, ndipo Eliya anafunda nkhope yake natuluka.

M'batamo Mulungu anamufunsa chimene ankachita kumeneko, namulola kukhuthula madandaulo ake onse. Eliya ankaganiza kuti watsala yekha. Mulungu anamudziwitsa kuti alipo anthu 7,000 amene sanagwadire Baala, namubweza kuntchito, namupatsa Elisa kuti akhale mnzake.

Tulo, chakudya, bata, kunena zoona pamaso pa Mulungu, kenaka kubwerera kwa anthu. Mkhristu wotopa asadumphe zoyambazo poganiza kuti si zauzimu. Nthawi zina pemphero limakanika chifukwa munthu sanagone masiku atatu.

Chipululu chili kuti mu Lilongwe?

Funso lenileni ndi ili: munthu wogona chipinda chimodzi ndi ana anayi angapeze kuti malo achete? Anthony Woyera wa ku Egypt, amene anamwalira mu 356, anali ndi chipululu chenicheni. Anabindikira zaka pafupifupi 20, ndipo atatuluka anthu anadabwa kumuona wodekha; anatonthoza olira nayanjanitsa okangana. Koma si onse angathe kusiya banja ndi geni.

Catherine Woyera wa ku Siena, m'dziko la Italy, ndiye amafanana kwambiri ndi anthu a m'nyumba zodzaza. Anabadwa mu 1347 m'banja la ana oposa 20. Atakana kukwatiwa, makolo ake anamulanda kachipinda kamene ankapemphereramo, namupatsa ntchito zonse za pakhomo kuti asapezenso mpata wokhala yekha. Catherine anamanga chipinda china mumtima mwake, chimene palibe akanamulanda, ndipo ankalowamo ali pamoto kapena akuchapa. Pambuyo pake anamulola kukhala chete m'kachipinda kwa zaka pafupifupi zitatu. Atatulukamo anakasamala odwala ndi amphawi, nalembera Papa Gregory XI kumulimbikitsa kuti achoke ku Avignon abwerere ku Rome. Anamwalira mu 1380 ali ndi zaka 33. Mphamvu za ntchito zonsezo anazitenga m'kachipinda kaja.

Malo achete alipo kwa amene akuwafuna. Pali mphindi za m'mamawa ana asanadzuke, munthu atafunda chitenje kapena jekete pakhonde m'kuzizira kwa Julaye uno. Pali tchalitchi m'kati mwa sabata, pamene mulibe kwaya kapena zolengeza, koma nyale yokha ikuyaka pafupi ndi tabenakulo. Pali kutsika minibasi siteji imodzi nyumba isanafike, n'kuyenda pang'onopang'ono opanda zomvera m'makutu. Pali kadimba kuseri kwa nyumba, pali mthunzi wa mtengo pa nthawi ya nkhomaliro kuntchito. Pali m'bindikiro wa tsiku limodzi umene mabungwe a paparishi amakonza nthawi ndi nthawi. Paliponsepo chofunika choyamba ndi kuthimitsa foni. Uthenga umene sungadikire mphindi 15 ndi wosowa kwambiri.

Ngakhale m'Nsembe ya Misa muli bata loikika. Msonkhano Waukulu Wachiwiri wa ku Vatican, m'chikalata chake cha 1963 chonena za chipembedzo, unalamula kuti pa nthawi zoyenera pazikhala chete woyera. Wansembe akaitana anthu kuti apemphere amayamba waima kaye pang'ono. Pambuyo pa ulaliki ndi pambuyo polandira Ukaristia pamakhalanso kanthawi. Nthawi zimenezi si zodikira kuti kwaya ipeze nyimbo, kapena zoti munthu asuzumire foni. Ndi mbali ya pemphero. Kwa akhristu ena ndi chete yekhayo amene amamupeza sabata yonse, ndipo woyandikana nawo pabenchi asawalande.

Chochita m'batamo

Amene ayesapo amadziwa kuti mphindi zoyamba sizikoma. Phokoso lakunja likangotha, lam'kati limakwera. Ngongole imabwera, mawu opweteka a apongozi amabwera, nkhope ya malemu imabwera. Ambiri pamenepo amathawira ku foni. Koma amenewo ndi matope aja akutsika. Munthu apirire pang'ono.

Sikofunika mawu ambiri. John Vianney Woyera, wansembe wa ku Ars m'dziko la France amene anamwalira mu 1859, ankasimba za mlimi wina wokonda kukhala m'tchalitchi nthawi yaitali osanena kanthu. Atamufunsa chimene ankachita, mlimiyo anayankha kuti ankangoyang'ana Ambuye, Iwonso akumuyang'ana. Pemphero lotere aliyense angalithe, wophunzira ndi wosaphunzira yemwe.

Munthu akhale pansi bwino, apume mpweya modekha, alembe chizindikiro cha mtanda. Kenaka atchule pamaso pa Mulungu dzina lenileni la chimene chikumulemera: mantha, mkwiyo, nsanje, manyazi, chisoni. Chimene chatchulidwa dzina chimachepa mphamvu. Ngati misozi ikubwera, ibwere. Bambo amene sangalire pamaso pa ana ake angathe kulira pamaso pa Atate ake. Akhoza kutenga Salimo 23 la lero, lonena za Mbusa wotsogolera nkhosa ku msipu ndi ku madzi odikha, n'kuliwerenga pang'onopang'ono, kuima pamene mtima wakhudzidwa. Akhoza kupemphera chigawo chimodzi cha korona mosathamanga. Amayi Maria ankasunga zinthu mumtima n'kumazisinkhasinkha, ndipo Yosefe Woyera Mthenga Wabwino sunalembe liwu lake ngakhale limodzi. Onse awiri amadziwa kuperekeza munthu wachete. Pomaliza atchule chinthu chimodzi chimene akuthokoza pa tsikulo, ngakhale chikhale chaching'ono.

Ignatius Woyera wa ku Loyola, amene anayambitsa chipani cha Ajezwiti, anasiya langizo lothandiza kwambiri: pa nthawi imene mtima uli mumdima, munthu asasinthe zimene anatsimikiza pamene kunali kowala. Choncho bata la munthu wokhumudwa si nthawi yolemba kalata yosiya ntchito kapena yolongedza katundu kuchoka pabanja. Ndi nthawi yopuma. Zigamulo zidikire madzi ayere.

Kukhala wekha kuli pawiri

Apa m'pofunika kunena mosabisa, pakuti nkhaniyi ikukhudza moyo. Pali kukhala wekha kochiritsa, ndipo pali kudzipatula kopha. Kunja zimaoneka zofanana, koma zipatso zake n'zosiyana. Wopuma pamaso pa Mulungu amatuluka m'chipinda nkhope itamasuka, amafuna kudya, amafuna kuona ana ake. Wodzipatula amatuluka wolemedwa kuposa mmene analowera, kapena satuluka konse. Amasiya kudya ndi kusamba, sagona kapena amangogona, amaleka kupita kumphakati ndi kuntchito, amayamba kumwa yekha, amanena kuti anthu angakhale bwino iye kulibe. Zikatenga masabata zili choncho, si mpumulonso. Ndi matenda a nkhawa, ndipo amachizika.

Akhristu amamva pawailesi nkhani za anthu odzipha, ambiri mwa iwo abambo, ena chifukwa cha ngongole, ena mavuto a m'banja. Ambiri anali atakhala chete nthawi yaitali, ndipo abale ankati ndi khalidwe lawo. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Aliyense amene maganizo ofuna kufa akumubwerera asakhale nawo yekha ngakhale usiku umodzi. Auze mkazi kapena mwamuna wake, mnzake wokhulupirika, mtsogoleri wa mphakati, katekisiti kapena wansembe. Apite kuchipatala, alipo anamwino ndi alangizi ophunzira za matenda a maganizo m'zipatala za boma, komanso kwa a St John of God kuno ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Kumwa mankhwala kapena kulankhula ndi mlangizi si kuchepa chikhulupiriro, monga momwe kumwa mankhwala a malungo sikuli kukana Mulungu.

Yesu mwini, pa usiku wa chisoni chake chachikulu ku Getsemani, anatenga Petro, Yakobe ndi Yohane. Anawauza poyera kuti mtima wake unali wosweka, nawapempha kuti achezere naye. Kenaka anapita patsogolo pang'ono kukapemphera yekha. Anachita zonse ziwiri: anauza anzake, napatukanso. Mkhristu asasankhe chimodzi n'kutaya china.

Nawo a m'banja ali ndi udindo pawiri. Akaona wina wakhala payekha kwa kanthawi, amupatse mpata osamuweruza. Mwamuna atenge ana kwa ola limodzi kuti mkazi wake apume. Mkazi alole mwamuna wake afike ndi kukhala pansi asanamuyalire mavuto a tsikulo. Wantchito wa pakhomo nayenso ndi munthu, ali ndi mtima wofuna bata. Koma akaona kuti chitseko chakhala chotseka masiku ambiri, agogode, alowe, afunse, ndipo asakhutire ndi yankho lakuti zonse zili bwino.

Atatsika m'bwato

Mthenga Wabwino wa lero ukutha mwa njira imene kholo lililonse lingaizindikire. Anthu anaona bwato likuchoka, nathamanga wapansi, nakafika kutsidya Yesu asanafike. Malo achete aja anawapeza atadzaza. Mpumulo wonse umene apostoli anaupeza unali wa m'bwato, pakati pa gombe lina ndi linzake.

Komabe Yesu atatsika sanakalipe. Anaona khamulo, nagwidwa ndi chifundo chifukwa linali ngati nkhosa zopanda woziweta, nayamba kuliphunzitsa. Mneneri Yeremiya m'mawu oyamba a lero wadzudzula abusa obalalitsa nkhosa. Kholo, mphunzitsi, wapampando wa mphakati ndi bwana wa kuntchito onse ndi abusa, ndipo mbusa wosapuma amabalalitsa nkhosa ndi ukali wake osadziwa. Mavuto amene munthu wawasiya pakhomo la chipinda amawapeza pomwepo akatuluka. Lendi siitsika chifukwa wapemphera. Chimene chimasintha ndi maso amene akuonera anthu omudikira: amaleka kuwaona ngati omuvutitsa.

Sabata ino mkhristu aliyense asankhe nthawi imodzi ndi malo amodzi, mphindi 15 tsiku lililonse kuyambira Lolemba mpaka Loweruka, foni ili kutali. Auze a m'nyumba mwake kuti asadabwe. Tsiku limene walephera asataye mtima, ayambirenso mawa lake. Ndipo Lamulungu likudzali, atalandira Ukaristia, agwade kapena akhale pansi, atseke maso, alole Mbusa amene wamulandira amupumitse.

Ambuye Yesu, amene anaona kutopa kwa apostoli ake iwo asananene, aone kutopa kwa banja lililonse la parishi ino, ndipo alitsogolere ku madzi odikha. Amen.